Agogo adamenya nkhondo iti? Mmene mabanja a ku Phalombe angalondolere mbiri ya msilikali wawo

Chaka chilichonse mwezi wa Novembala ukalowa, akuluakulu a boma ndi a asilikali amaoneka atabaya kaduwa kofiira pachifuwa. Lamulungu lachiwiri la mweziwo malipenga amalira pa zipilala za chikumbutso, monga cha ku Zomba ndi cha ku Area 18 mumzinda wa Lilongwe, ndipo anthu amakhala chete kwa mphindi ziwiri pokumbukira amene adafera kunkhondo. Mwambo umenewu ndi wa fuko lonse, ndipo umakumbukira asilikali monga gulu. Komatu msilikali aliyense adali ndi mudzi wake, mayi ake, malume ake ndi dzina lomwe anzake ankamuitana nalo kudambo. Zoterezi boma silingazisunge. Mwini wake wa ntchitoyi ndi banja.

M'midzi ya m'boma la Phalombe, kuyambira ku Migowi mpaka ku Chiringa, ku Nkhulambe ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, muli mabanja ambiri omwe amangodziwa kuti agogo awo adapita kunkhondo. Mukafunsa kuti nkhondo yake idali iti, adachoka chaka chanji, adakafika kuti ndipo adabwerako ali wotani, anthu amangoyang'anana. Nthawi nayo siili kumbali yathu. Mnyamata yemwe adali ndi zaka 18 pomwe nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inkatha mu 1945 adabadwa mu 1927, choncho otsala a m'badwo umenewo ndi owerengeka pa zala. Ana awo, omwe adamva nkhanizi kuchokera pakamwa pa eni ake, nawonso imvi zawayala. Mdzukulu wokhala ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, yemwe ali ndi foni ndi intaneti, ndiye angathe kusonkhanitsa zotsalazo zisanamwazike.

Choyamba dziwani nkhondo yake

Usilikali wa boma udafika msanga m'dera la Phalombe. Mu 1893 boma la atsamunda, motsogozedwa ndi Harry Johnston, lidamanga linga la Fort Lister pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi pofuna kutseka njira yomwe ogula akapolo ankadzera popita ku Quelimane. Mabwinja a lingalo alipobe. Magulu a asilikali a m'zaka zimenezo ndiwo adadzasanduka mabataliyoni awiri oyamba a King's African Rifles, gulu lomwe lidakhazikitsidwa mu 1902, lomwe makolo athu ankalitchula kuti Keyala. Likulu lake m'dziko muno lidali ku Zomba.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, akuluakulu ankaitcha nkhondo ya chiwaya chifukwa cha mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza. Idafika m'dziko muno mu Sepitembala 1914 pomwe Ajeremani adaukira Karonga, kenaka idasamukira m'dziko lomwe lero ndi Tanzania. Mu Novembala 1917 mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, adawoloka mtsinje wa Ruvuma kulowa mu Mozambique, ndipo kumapeto kwa Ogasiti 1918 asilikali a Keyala adamenyana naye ku Lioma, m'dziko la Alhomwe kum'mawa kwa nyanja ya Chilwa. Amuna a m'dziko muno pafupifupi 19,000 adagwira mfuti pa nkhondoyi, ndipo ena pafupifupi 200,000 adasenza katundu monga amtengatenga, pa nthawi yomwe anthu onse a mu Nyasaland adali ongopitirira pang'ono 1 miliyoni.

Pa nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, amuna oposa 25,000 a m'dziko muno adalembedwa usilikali. Mu 1940 ena adalimbana ndi Mataliyana ku Moyale, kumalire a Kenya ndi Ethiopia, ndi ku Tug Argan m'dziko la Somaliland. Mu 1941 adali ku Ethiopia, komwe nthawiyo ankati Abyssinia. Mu 1942 adakwera sitima yapamadzi kupita ku Madagascar, ndipo pambuyo pake ambiri adadzera ku Ceylon ndi ku India mpaka ku Burma, komwe mu 1944 adamenyana ndi Majapani m'chigwa cha Kabaw, m'mvula ndi m'matope, mpaka kukafika pa mtsinje wa Chindwin. Nkhondo itatha, mabataliyoni a kuno adatumizidwanso ku Malaya pakati pa 1952 ndi 1954.

Dziko litalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, bataliyoni yoyamba ya Keyala idasanduka Malawi Rifles, ndipo mu 1972 Graciano Matewere adakhala Mmalawi woyamba kutsogolera asilikali a dziko lino. Kuyambira 1987 mpaka nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique itatha mu 1992, asilikali athu ankalondera njanji yopita ku Nacala. Mu Disembala 1993 adalanda zida a Malawi Young Pioneers pa Operation Bwezani, ndipo pambuyo pake adakagwira ntchito yosungitsa mtendere ku Rwanda, ku Côte d'Ivoire ndi ku Democratic Republic of Congo.

Mndandanda umenewu ndi wothandiza chifukwa liwu limodzi lomwe banja likukumbukira litha kuulula nkhondo yonse. Ngati agogo ankanena za Ajeremani ndi kuyenda pansi miyezi yathunthu, ndiye kuti ndi ya 1914. Ngati ankatchula Mataliyana, ndi ya 1940 ndi 1941. Ngati ankasimba za masabata apanyanja, Majapani ndi misundu ya m'nkhalango, ndi ya ku Burma. Minda ya mitengo ya labala ikuloza ku Malaya, njanji ikuloza ku Nacala, ndipo chisoti cha buluu ndi cha bungwe la United Nations.

Misampha inayi ya wofufuza wa ku Phalombe

Msampha woyamba ndi dzina la boma. Phalombe lidakhala boma palokha mu 1998. Kale lonse lidali mbali ya Mulanje, ndipo atsamunda ankalemba kuti Mlanje. Munthu wofunafuna liwu lakuti Phalombe pa zikalata za usilikali za nthawi ya atsamunda angabwerere manja lendelende, pomwe agogo ake ali pompo pansi pa Mlanje. Chothandiza kwambiri ndi dzina la nyakwawa ya m'mudzi wa nthawi imeneyo ndi la mfumu yaikulu, monga Mkhumba kapena Nazombe, pokumbukira kuti kalembedwe ka mayinawa kankasinthasintha.

Wachiwiri ndi dzina la mtundu. Alhomwe ambiri adalowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mpaka m'ma 1930, pothawa ntchito yakalavulagaga, misonkho ndi njala. Pa zikalata zakale adalembedwa kuti Anguru kapena Nguru, dzina lomwe eni ake ankaliona lachipongwe. Lidasiyidwa m'mabuku a boma m'zaka za m'ma 1940, Lewis Bandawe ndi anzake atadandaula. Wofufuza asakhumudwe akalipeza pa chikalata cha agogo ake. Ndi chizindikiro cha nthawi yomwe chikalatacho chidalembedwa. Akumbukirenso kuti msilikaliyo mwina adabadwira kutsidya kwa malire, ndipo chiyambi cha mbiri yake chili ku Milange kapena ku Gurué.

Wachitatu ndi dzina la munthuyo. Mwamuna mmodzi ankatha kukhala ndi dzina la paubwana, la kuchinamwali, la ubatizo ndi lina lomwe adalembetsa kuntchito. Kalaliki wa ku Keyala ankalemba zomwe khutu lake lamva, ndipo nthawi zambiri dzina lachiwiri linkakhala la bambo a msilikaliyo, osati dzina lomwe banja likudziwika nalo lero. N'chifukwa chake nambala ya usilikali ndi yamtengo wapatali kuposa dzina. Mayina amafanana ndipo amalembedwa mosiyanasiyana, koma nambala imatsata munthu mmodzi. Nambala za asilikali ambiri a ku Nyasaland a m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 zimayamba ndi zilembo DN.

Wachinayi ndi chikamwini. Kwa Alhomwe ndi Amang'anja mwamuna amakakhala kwa mkazi wake, koma mbumba yake ili kwa mayi ake ndi alongo ake. Akamwalira, kawirikawiri katundu wake wina amabwerera kwawo. Choncho mbiri ya msilikali mmodzi imakhala yogawika m'midzi iwiri: ana ake akudziwa za ukalamba wake, pomwe ana a alongo ake akudziwa za ubwana wake ndipo mwina ndiwo akusunga mendulo. Ngati adakwatira kangapo, midziyo imachuluka. Wofufuza yemwe wangofika mudzi umodzi wamva theka la nkhani.

Yambani ndi a moyo

Safunsa adadya phula. Musanapite ku ofesi iliyonse, pitani kumudzi mukakhale pamphasa ndi akuluakulu. Mwambo wake ndi wodziwika: yambani mwaonana ndi mwinimbumba, mufotokoze cholinga chanu, ndipo musafike chimanjamanja. Nenani poyera kuti mukufuna mbiri, chifukwa pena anthu akaona wa kutauni akufunsa za msilikali amaganiza kuti kwatuluka ndalama za chipukutamisozi, ndipo kukayikirana kumayambira pamenepo.

Funsani anthu mmodzimmodzi, osati pagulu, poti pagulu wamkulu akalankhula ena onse amangovomera. Mkazi wamasiye, mlongo wa msilikali, mwana woyamba, mnzake wa kutchalitchi kapena kumzikiti ndi nyakwawa, aliyense ali ndi chidutswa chake. Pemphani chilolezo chojambula mawu pafoni, ndipo kumayambiriro kwake tchulani tsiku, mudzi ndi dzina la wolankhulayo. Ngati gogo akumasuka m'Chilhomwe, msiyeni alankhule Chilhomwe. Womasulira adzapezeka pambuyo, koma mawu a gogoyo sadzabwereranso.

Mafunso abwino ndi aafupi ndiponso ogwirika. Adachoka nyengo yanji, yolima kapena yokolola? Adamutenga ndani, ndipo adakalembetsa kuti? Adapita ndi yani wa m'mudzi muno? Makalata ankabwera, nanga ankawerenga ndani? Adabwera ndi chiyani: jasi, nsapato, njinga, makina osokera? Adali ndi chipsera pati? Ankadziwa Chiswahili kapena mawu ena achilendo? Atabwerako adagwira ntchito yanji: ulonda, ukapitawo m'minda ya tiyi, umesenjala kwa DC, kapena adabwerera kukhasu?

Akuluakulu ambiri sakumbukira zaka ndi manambala, koma amakumbukira zochitika. Gwiritsani ntchito zimenezo ngati zikhomo: mliri wa chimfine wa 1918 ndi 1919, napolo wa ku Zomba wa mu Disembala 1946, njala ya 1949, chitaganya cha 1953, kumangidwa kwa Dr Hastings Kamuzu Banda pa 3 Malichi 1959, ufulu wa 1964. Gogo akati mwana wake woyamba adabadwa bambo ali kunkhondo ndipo pa njala ya 1949 adali atayamba kutunga madzi, mwapeza kale zaka zoyandikira. Pa chilichonse chomwe mwauzidwa, lembani ngati wolankhulayo adaona yekha kapena adangomva kwa ena. Kusiyanitsa ziwirizi ndiko kumapatsa mbiri ya banja ulemu.

Zomwe mendulo imanena

M'nyumba zina muli kachikwama kapena chitini momwe muli mendulo, mabatani, chithunzi kapena kabuku komwe msilikali ankapatsidwa potuluka ntchito. Kabuku kameneka kakapezeka ndiye kuti mwayi wagwa, chifukwa mumakhala nambala, udindo, gulu lake, mudzi ndi masiku omwe adalowa ndi kutuluka usilikali.

Mendulo nazo zimalankhula kwa wodziwa kuziwerenga. Za nkhondo yoyamba zidadindidwa nambala, udindo, dzina ndi gulu la mwini wake. Pa British War Medal, yasiliva, ndi pa Victory Medal, ya kansalu ka mitundu ya utawaleza, zolembazo zili m'mphepete mozungulira, ndipo pa nyenyezi ya 1914-15 Star zili kumbuyo. Tengani mendulo, muipendeketse padzuwa, muwerenge pang'onopang'ono.

Za nkhondo yachiwiri zambiri zidaperekedwa zopanda dzina, komabe zimaulula komwe munthu adafika. Nyenyezi yolembedwa The Africa Star, ya kansalu ka mtundu wa mchenga kokhala ndi mzere wofiira pakati, kwa msilikali wa Keyala ikusonyeza nkhondo ya ku Somaliland ndi Ethiopia. The Burma Star, ya kansalu ka buluu wakuda, mzere wofiira pakati ndi timizere tiwiri ta mtundu wa lalanje, ikusonyeza kuti adali pa nkhondo ya ku Burma. General Service Medal, ya kansalu ka pepo ndi mzere wobiriwira, ikakhala ndi kachitsulo kolembedwa Malaya ndi ya m'zaka za m'ma 1950, ndipo iyoyo ili ndi nambala ndi dzina m'mphepete.

Musakweche mendulo ndi mchenga kapena phulusa kuti iwale, chifukwa zilembo zimafufutika. Musachotse kansalu kake ngakhale katasuluka. Ndipo musaigulitse. Alipo ogula zinthu zakale omwe amazifuna, koma ndalama yake imatha sabata imodzi pomwe umboni wa banja wapita mpaka kalekale.

Kumene kuli zolembedwa

Mukakhala ndi mayina onse, mudzi, mfumu, zaka zoyandikira ndi nambala ngati ilipo, mutha kugogoda pa zitseko za maofesi. Nyumba yosungira zikalata za boma, National Archives of Malawi, ili ku Zomba, ndipo kumeneko kuli mafayilo a boma la atsamunda, kuphatikizapo malipoti a maboma monga Mlanje. Dziwani kuti mu 1919 moto udatentha maofesi aakulu a boma ku Zomba n'kuwononga zikalata zambiri za m'mbuyo mwa chakacho, choncho za nkhondo yoyamba ndi zoperewera kusiyana ndi za yachiwiri.

Ku Zomba komweko, pafupi ndi Cobbe Barracks, kuli nsanja ya chikumbutso cha Keyala pomwe padalembedwa mayina a asilikali omwe adafa pa nkhondo yoyamba, komanso nyumba zosamalirako asilikali okalamba. Bungwe la asilikali opuma la Veterans and Ex-Service League of Malawi ndi likulu la Malawi Defence Force ku Kamuzu Barracks mu Lilongwe ndi malo oyenera kufunsa, makamaka za omwe adatumikira dziko litalandira ufulu. Ku Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ili ndi mabuku ndi zithunzi zakale. Musaiwale mabuku a ubatizo ndi a maukwati a ku mishoni, omwe amathandiza kulumikiza mayina osiyanasiyana a munthu mmodzi.

Ngati msilikaliyo sadabwerere, fufuzani pa intaneti m'kaundula wa Commonwealth War Graves Commission, yemwe aliyense atha kumuona mwaulere. Yesani kalembedwe kosiyanasiyana ka dzina, kapena lembani nambala yokha. Ku The National Archives ya ku Kew, mu London, kuli mabuku momwe maofesala ankalembamo zochitika za bataliyoni tsiku ndi tsiku. Mabukuwa satchula kawirikawiri mayina a asilikali wamba achikuda, koma mukadziwa bataliyoni ya agogo anu, amakuuzani komwe gululo lidagona, mtsinje womwe lidawoloka ndi tsiku lomwe lidakumana ndi adani.

Akatswiri a mbiri yakale adalima kale gawo lina la mundawu. Melvin Page adayenda m'midzi ya m'dziko muno m'zaka za m'ma 1970 kucheza ndi asilikali ndi amtengatenga a nkhondo yoyamba, ndipo buku lake, The Chiwaya War, lidatuluka mu 2000. Timothy Lovering adafufuza za moyo wa asilikali a Chimalawi m'gulu la nkhondo la atsamunda kuyambira 1891 mpaka 1964. Ntchito zoterezi mwina sizingatchule agogo anu, koma zimaonetsa zomwe anzawo ankadya, ankavala, ankalandira ndi kuopa.

Omwe mabuku adawaiwala

Pa amuna khumi alionse a m'dziko muno omwe adapita ku nkhondo yoyamba, pafupifupi asanu ndi anayi adali amtengatenga. Ankasenza ufa, zipolopolo ndi odwala, ambiri atachita kugwidwa kudzera mwa mafumu, ndipo ochuluka adafa ndi kamwazi, chibayo, malungo ndi njala. Ambiri mwa iwo sadasiye chikalata kapena mendulo. Mu Epulo 2021 lipoti la Commonwealth War Graves Commission lidavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri mwa iwo a ku Africa ndi ku Middle East, omwe adafa pa nkhondo yoyamba sadakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sadakumbukiridwe n'komwe, ndipo boma la Britain lidapepesa.

Tanthauzo lake ndi lakuti kusowa kwa dzina la agogo anu m'mabuku si umboni wakuti sadapite. Pamene palibe chikalata, mawu a akuluakulu olembedwa bwino, okhala ndi tsiku ndi dzina la wonena, ndiwo amasanduka chikalata. Banja lomwe lalemba kuti malume a agogo awo adatengedwa chaka chakuti pamudzi wakuti, ndipo sadabwerere, lachita zomwe ufumu wonse wa Britain udalephera kumuchitira munthuyo.

Enanso oiwalika ndi amayi. Mwamuna akachoka zaka zinayi kapena zisanu, wolima munda, wolera ana ndi wodikira uthenga adali mkazi wake, mayi ake ndi alongo ake. Maukwati ena adapirira, ena adatha. Mbiri ya msilikali yopanda mawu a amayiwa ndi yopunduka.

Lembani munthu yense

Chiyeso chachikulu polemba mbiri ya kholo ndi kulikometsera. Msilikali wamba amasanduka sajeni, wophika amasanduka woombera chiwaya. Palibe chifukwa chochitira tero. Woyendetsa galimoto, wonyamula ovulala, woimba lipenga ndi wophika onse adali pa nkhondo imodzi, ndipo mdzukulu wodzawerenga m'tsogolo akadzapeza bodza limodzi adzakayikira zonse.

Lembaninso zifukwa zenizeni zomwe adapitira. Ena adakopeka ndi malipiro ndi yunifolomu, ena ankathawa thangata m'minda ya azungu kapena ankasowa ya msonkho, ndipo ena adachita kukakamizidwa. Mafunso okhudza nkhondo za eni adayamba kale: mu Novembala 1914 mbusa John Chilembwe adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu osauka a m'dziko muno akukhetsa mwazi pa nkhondo yomwe phindu lake sadzaliona. Nkhondo yachiwiri itatha, msilikali wamba wachizungu wa m'magulu a kum'mawa kwa Africa ankalandira masheleni 10 a ndalama yothokozera pa mwezi uliwonse womwe adatumikira, pomwe wachikuda wa udindo womwewo ankalandira masheleni 3 ndi theka.

Palinso mbali yowawa. Keyala idali gulu la atsamunda, ndipo idagwiritsidwa ntchito pothana ndi kuukira kwa Chilembwe mu 1915 komanso pa chipwirikiti cha 1959, pomwe komiti ya Devlin idapeza kuti anthu 51 adaphedwa. Ngati agogo anu adali m'gulumo nthawi imeneyo, lembani zomwe zikudziwika popanda kubisa ndiponso popanda kuweruza mopupuluma. Chimodzimodzi ngati adabwera wosalankhula, wolota zoopsa usiku, wokonda mowa kapena waukali. Masiku ano madokotala amadziwa kuti nkhondo imavulaza maganizo monga momwe imavulazira thupi. Kulemba zimenezi mwaulemu kumathandiza ana kumvetsa bambo yemwe mwina adakula akumuopa.

Za asilikali a masiku ano, nthawi yolemba ndi ino, eni ake adakali ndi mphamvu. Dziko lonse likudziwa za Chancy Chitete, msilikali wa Malawi Defence Force yemwe adafa mu Novembala 2018 kufupi ndi Beni ku Congo akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, chifukwa bungwe la United Nations lidamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne mu Meyi 2019. Koma anzake mazanamazana omwe adalondera njanji ya Nacala kapena adavala chisoti cha buluu mbiri yawo ili m'mitu mwawo mokha. Apempheni chilolezo, ndipo lemekezani zomwe sakufuna kunena kapena zomwe malamulo a ntchito yawo sawalola kuulula.

Kusunga kuti madzi asatenge

Anthu a ku Phalombe safunika kuuzidwa za mphamvu ya madzi. Napolo wa mu Malichi 1991 adatsetsereka m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi, ndipo namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adachitanso zomwezo m'madera ambiri a bomali. Pamodzi ndi miyoyo ndi nyumba padapitanso zithunzi, makalata ndi timabuku tomwe tidasungidwa zaka makumimakumi. Chiswe, mbewa ndi denga lodontha zimachita ntchito yomweyo mwakachetechete.

Choncho chilichonse chomwe mwapeza chijambuleni pafoni pamalo owala, mbali zonse ziwiri. Potumizira abale pa WhatsApp, tumizani chithunzicho ngati fayilo kuti zilembo zing'onozing'ono zisafufutike. Sungani zithunzi ndi mawu ojambulidwa m'malo osachepera atatu: pafoni, pa imelo ndi kwa mbale wa m'tauni ina. Chikalata chenichenicho musachimate pulasitiki ya moto, poti kutentha ndi guluu zimachiwononga. Chikutireni m'pepala loyera, muchiike m'chitini chotseka bwino, pamalo okwera ndi ouma. Banja ligwirizane poyera kuti wosunga ndi yani, kuti mendulo isadzakhale chiyambi cha mkangano pakati pa ana ndi mbumba.

Pomaliza lembani mbiriyo, ngakhale masamba awiri okha: mayina ake onse, makolo ake, komwe adabadwira, nkhondo yomwe adapita, komwe adafika, banja lake, ntchito yake atabwerako, chaka chomwe adamwalira ndi komwe adagona. Pansi pake lembani mayina a omwe adakuuzani. Sindikizani makope angapo, limodzi lipite kumudzi kwa ana ake, lina kwa mbumba yake. Pa mwambo wa chiliza kapena pa tchuthi cha Khirisimasi, abale atasonkhana, wina aiwerenge mokweza. Pamenepo gogo wina adzakonza chaka, wina adzakumbukira dzina la mnzake yemwe adapita naye, ndipo masamba awiri aja adzakhala atatu.

Akale adati pakadafunda padajiwitsa. Ngati kumudzi kwanu kudakali munthu yemwe adaona msilikaliyo akutsika galimoto ndi chikwama chake, muimbireni foni sabata ino, mupangane tsiku lokakhala naye pamphasa.